Wheelie muphunzirire pa 1000, pa 600, kapena pa njinga ya m'fumbi?

Anzanga amene angogula njinga zothamanga akundivutitsa ndi funso limodzimodzi: kuti munthu adziwe kuyenda tayala lakutsogolo lili m'malere, zimene amati wheelie, ayambire pa njinga iti? Ambiri amafunsa atasankha kale, akungofuna ndiwavomereze kuti Yamaha R6 kapena Honda CBR yawoyo ya 600cc ikwanira. Sindivomera, ndipo zifukwa zake ndi izi.

Ya 1000cc nkhani yake ndi yaifupi. Yamaha R1 kapena BMW S1000RR imadzutsa mutu yokha mukangoipatsa moto mu giya yoyamba. Zatsopanozi, monga R1 kuyambira 2015, zili ndi kompyuta imene imazindikira kuti tayala lanyamuka n'kuchepetsa moto. Kompyutayo ikakhala yoyatsa, ndi iyo ikugwira ntchito, inu mwangokwera. Mukaizimitsa, mphamvu pafupifupi 200 hp zili m'dzanja la munthu amene phazi lake lamanja silinadziwe ntchito yoponda buleki yakumbuyo. Isiyeni kaye imeneyo.

Ya 600 ndi imene imanyenga anthu, chifukwa amati ndi yapakatikati. Injini zake za masilinda anayi zimagona pansi, zimadzukira pamwamba. R6 imakoka kwambiri ikafika cha m'ma 10,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi), pansi pake ndi yaulesi. Ndiye kuti muinyamule muyenera kugwiritsa ntchito kilatchi: mukuyenda pang'onopang'ono, mwakoka kilatchi ndi chala chimodzi kapena ziwiri, mwakweza moto, mwaisiya mwadzidzidzi. Mukapereka moto wochepa, njinga imangodumpha pang'ono n'kutera. Mukapitirira, mwagwa chagada. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi wochepa kwambiri. Komanso giya yoyamba ya njinga zimenezi imapitirira 100 km pa ola, moti wophunzira amene akusunga tayala m'mwamba powonjezera moto amapezeka akuuluka asanadziwe n'komwe. Mahandulo ake ndi otsika, thupi lonse limatsamira kutsogolo, ndipo mantha akakugwirani n'kutseka moto kamodzi, makilogalamu 190 amatera pa mashoko akutsogolo ndi chiphokoso.

Kuterako ndiye kumadya ndalama, ndipo ine ndinalipira ngongole ya wheelie za munthu wina. Yanga ya 600 ndinaigula kwa mkulu wina amene anaibweretsa kuchokera ku Joni. Inali yotsuka, mapulasitiki atsopano, matayala onyezimira. Anandiuza kuti ankangoyendera Lamulungu. Sipanapite nthawi, pa mipope ya mashoko akutsogolo panayamba kuoneka mzere wakuda wa oyilo wosakanikirana ndi fumbi. Ndikapukuta madzulo, mawa wabwerera. Kenako oyiloyo anatsikira pa buleki, mapadi n'kunyowa, buleki yakutsogolo n'kuyamba kuterereka. Amakaniki ataikweza mutu m'mwamba anandiuza kuti ndipinde mahandulo pang'onopang'ono uku ndi uku. Pakati penipeni ankagwira, kwakwa, ngati chitseko cha loko yakufa. Atamasula mabering'i a pakhosi anandionetsa timaenje tolondolana pa chitsulo, pamene mabering'iwo ankamenya nthawi iliyonse imene njingayo inkatera.

"Bwana, iyi sinali ya Lamulungu," anatero amakanikiwo. "Mwiniwake amaiimika."

Chopweteka kwambiri chinabwera pambuyo: giya yachiwiri inayamba kutuluka yokha ndikapatsa moto. Matenda amenewa ndi odziwika pa njinga zimene anthu amazisintha giya mwankhanza tayala lili m'mwamba, ndipo mankhwala ake ndi kutsegula injini. Zipangizo za njinga zotere simungazipeze m'mashopu a ku Malangalanga momwe mwadzaza za Lifan ndi Boxer. Muitanitsa ku Johannesburg, mulipira ma rand amene kuwapeza kwake mukukudziwa, mudikira basi, mulipiranso msonkho pa chipata. Nthawi yonseyo njinga ili pansi pa lona, anzanu akudutsa akuliza mainjini. Wondigulitsayo nditamuimbira anangoti ndimaiyendetsa molakwa ndine, n'kudula foni.

Wina anena kuti, nanga akatswiri a pa YouTube aja sagwiritsa ntchito 600? Amatero, ndipo amakonda Kawasaki ZX-6R ya 636cc ya 2003 ndi 2004, komanso Honda CBR600F4i. Koma muziyang'anitsitsa. Siproketi yakumbuyo ndi yaikulu kwambiri kuti njinga izinyamuka ikuyenda pang'onopang'ono, injini yatchingidwa ndi zitsulo, kuli buleki yachiwiri ya tayala lakumbuyo ku dzanja lamanzere, thanki yaphwanyidwa pamwamba kuti azikhalapo. Ambiri amakonzanso kayendedwe ka oyilo, chifukwa njinga ikaima nthawi yaitali oyilo amathawira kumbuyo, pampu n'kumakoka mpweya. Yanu ya pamsewu ilibe zonsezo.

Pakati pali njinga zopanda mapulasitiki ambiri. Yamaha MT-07 ya 689cc, masilinda awiri, imakoka kwambiri pa 6,500 rpm ndipo mumakhala mowongoka, choncho imanyamuka mosavuta kuposa 600 iliyonse. KTM 390 Duke, yomwe imapangidwa ku India ndi Bajaj, ndi yopepukirapo. Ngati muli nayo kale, ndi bwinoko. Koma kuigwetsa kumawawabe m'thumba.

Ine mtima wanga uli pa njinga ya m'fumbi, zija timaziona ndi alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo: Yamaha DT, Honda XL kapena XR. Ndi zopepuka, mashoko ake ndi aatali, anapangidwira kudumpha zigwembe, ndiye kutera sikuwaopsa. Mumanyamula tayala pa liwiro la munthu wothamanga, pa udzu, ndipo ikakulakani mumangotsika kumbuyo n'kuisiya igwe. Mwathyola chogwirira cha kilatchi, mwagula china tsiku lomwelo. DT imadzuka mwaukali pang'ono chifukwa injini yake ndi ya mtundu wa two-stroke, umene mphamvu yake imabwera mwadzidzidzi, pomwe XR imabwera mofatsa. AG 200 ndi yolimba koma yaulesi, makeriyala aja amailemetsa. Ya kabaza imanyamuka nayonso, koma mashoko ake ndi owonda, ndipo ngati ndi ya abwana yoti madzulo mukapereke ndalama, musayerekeze.

Chimene njinga yaing'ono imaphunzitsa ndi phazi. Wheelie yonse yagona pa buleki yakumbuyo: njinga ikafuna kupitirira chagada, kuponda pang'ono kumabweza mutu pansi. Choncho masiku oyamba musafune kupita patali. Nyamulani tayala pang'ono, pondani buleki, litere. Bwerezani mpaka phazi liziponda lokha mutu usanaganize. Buleki ya dramu ya njinga zimenezi iyambe yamangidwa bwino, isakhale yoti mpaka mupondereze pansi. Potera, musatseke moto wonse, ndipo mahandulo akhale owongoka, chifukwa tayala likatera chopendekeka amayamba kugwedezeka mwamphamvu mpaka kukulandani m'manja. Phazi likazolowera, mukapita pa 600 mumakhala mukungophunzira injini yake basi.

Malo ake ndi bwalo lopanda anthu, chisoti kumutu, magolovesi, jekete yokhuthala ndi nsapato zophimba akakolo. Pa M1 pali maminibasi, mbuzi, ana asukulu ndi apolisi a pamsewu, ndipo palibe mmodzi mwa amenewa amene akudziwa kuti tayala lili m'mwamba simungakhote.

Ndamva kuti mkulu uja wabweretsanso ina, yonyezimira ngati yoyambayo. Amene mukupita kukaiona, yendetsani chala pa mipope ya mashoko, suzumirani kunsi kwa mchira ngati sikunakhulike pa phula, ndipo muiyese giya yachiwiri ndi moto wambiri musanatulutse ndalama.