Lezala lopyapyala ndi lochindikala: chimanjenjemera pachibwano n'chiyani?

Tulutsani lezala m'kapepala kake, muligwire m'mbali zifupizifupi zosathwa zija, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mulipinde pang'ono. Ndati pang'ono, chifukwa chitsulo chimenechi sichichenjeza, chimangoti thyo, kachidutswa n'kudumphira kumaso. Mukatero ndi malezala a mitundu itatu kapena inayi, zala zikuuzani kuti si amodzi. Lina limangovomera ngati tsamba lanthete, lina limakanirako. Apa ndi pamene pamayambira mkangano wosatha pakati pa ife ometera malezala akuthwa konsekonse. Ena amati lochindikala ndiye dolo chifukwa silinjenjemera likakumana ndi ndevu zolimba. Ena amati zimenezo n'zam'mutu, bola lezala likhale lakuthwa. Ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri, ndipo lero ndimaloza chala kwina: ku chometera chimene lezalalo lamangidwamo.

Miyeso yake ndi iyi. Malezala a masiku ano, kaya achokera ku Japan, ku Egypt kapena ku India, amatalika pafupifupi mamilimita 43 ndipo m'lifupi ndi pafupifupi 22. Akadapanda kufanana chonchi sakadalowa m'zometera za makampani osiyanasiyana. Kuchindikala kwake kumazungulira pa mamilimita 0.10, ngati pepala lija timasindikizira makalata muofesi. Musanjikize khumi, mwangokwanitsa milimita imodzi. Anthu amene amayeza ndi micrometer, kachipangizo koyezera zinthu zopyapyala kwambiri, amapeza kuti ambiri ali pa 0.10, ena opyapyalako ali cha pa 0.09. Munthu ukamva koyamba umaseka. Kagawo kamodzi pa magawo 100 a milimita, khungu lingakamve?

Likhoza kukamva, chifukwa chitsulo chophwatalala sichiuma molingana ndi mmene chachindikalira. Mukachichindikalitsa kawiri, mphamvu yake yokana kupindika imakwera kasanu n'katatu, ndiye kuti 2 kuchulukitsa ndi 2 kuchulukitsanso ndi 2. Amisiri a matabwa amazidziwa bwino ngakhale sawerengera: thabwa lopyapyala pang'ono chabe limagwada pa benchi pomwe linzake likusenza anthu atatu. Tibwererenso ku lezala. La 0.09 poyerekeza ndi la 0.10, muchulukitse 0.9 katatu, mupeza 0.73. Lataya kuposa kota ya kuuma kwake chifukwa cha kachinthu kosaoneka ndi maso. Ndiye amene amati akumva kusiyana sakunama.

Agogo athu a mwambo umenewu ankameta ndi chitsulo china. Malezala oyamba a King C. Gillette, woyambitsa kampani ya Gillette, amene anayamba kugulitsidwa mu 1903 (chaka chimenecho anagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 okha), anali a mabowo atatu ndipo ankachindikala pafupifupi mamilimita 0.15. Mwa masamu omwewa, anali ouma kuposa katatu poyerekeza ndi a lero. Kenako makampani anapitiriza kupyapyalitsa, chitsulo chochepa, malezala ambiri. Pamene kampani ya Wilkinson Sword inkatulutsa malezala osachita dzimbiri mu 1962, n'kusokoneza msika wonse, lezala linali litalowa kale m'njira ya kupyapyala. Ichi n'chifukwa chake chometera chakale kwambiri cha Gillette, chija cha mano ngati chipeso, nthawi zina chimalira mwachilendo mukachimangira lezala la lero: anachisulira chitsulo chonenepa. Amene akufunadi lezala louma ngati mpeni amachoka m'banja lino n'kupita ku malezala akuthwa mbali imodzi a mtundu wa GEM, a mamilimita 0.23, ouma pafupifupi ka 12 kuposa athuwa. Koma amenewo amafuna chometera chawochawo, ndiye ndi nkhani ya tsiku lina.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ambiri, ndipo inenso chinandisokoneza zaka. Timaganiza kuti chitsulo chophikidwa bwino, cholimba kwambiri, ndiye chosapindika. Ayi. Kuphika ndi kuziziritsa chitsulo kumasintha mmene chimasungira kuthwa kwake ndi mmene chimathyokera, koma sikusintha kwenikweni mphamvu yofunika kuti chipindike pang'ono n'kubwerera. Zitsulo ziwiri zofanana kuchindikala, china chophikidwa mwaluso china mwachisawawa, zimagwada mofanana mukazikankha pang'ono. Ngakhale chitsulo chotchuka cha ku Sweden cha 13C26, chija chili ndi chromium pafupifupi magawo 13 pa 100 alionse, mbiri yake yagona pa kulandira mbali yakuthwa yosalala ndi kukana dzimbiri, osati pa kuuma. Chimodzimodzi mawu aja a Platinum ndi Chrome olembedwa mokongola pa paketi. Ndi zokutira zopyapyala kwambiri pa mbali yakuthwa, pamodzi ndi PTFE imene imachititsa lezala kutsetsereka. Zimathandiza pakhungu, koma msana wa lezala siziuwonjezera kanthu.

Tsopano tiyerekeze malezala a makampani osiyanasiyana.

Feather ndi Kai onse amasulidwa ku Seki, m'chigawo cha Gifu ku Japan, tauni imene yakhala ikusula malupanga kwa zaka mazana ambiri. Feather ndiye amene aliyense amamutchula akamanena za kuthwa. Amadula ndevu asanaikankhe, motero ngakhale kuchindikala kwake kuli kwa masiku onse, sapeza mpata wambiri wonjenjemera, popeza mphamvu imene tsitsi limabwezera ku lezala ndi yochepa. Mtengo wa ubwino umenewu ndi wakuti salekerera dzanja lolemera. Kai ali ndi mbiri ya kuuma, ndipo m'zala amamvekadi wokanirira. Koma Kai ali ndi kachinsinsi kena: ndi wotambalalako pang'ono m'lifupi kuposa anzake ambiri, motero mbali yake yakuthwa imasuzumira kunja kwa chometera mopitirirako. Chometera chofatsa chimasanduka cholusa. Ambiri amati "lezala ili ndi lochindikala" pomwe chimene akumva ndi kusuzumirako. Pa awiriwa, ndevu zikakhala za masiku anayi ndimatenga Feather, koma m'chometera chofatsa chimene chimasiya ziputu ndimakonda Kai.

Derby Extra wa ku Turkey ali mbali inayo. Amadziwika ngati wofatsa, ndipo ndi mmodzi mwa amene amatchulidwa kawirikawiri pa opyapyala. Kwa mnyamata amene ndevu zikungoyamba kumera, kapena bambo wa ndevu zofewa amene amameta tsiku ndi tsiku, ndi bwenzi labwino. Kwa ife a ndevu zopotana zolimba ngati waya, lezala lofatsa komanso lofewa msana limafuna chometera choligwira zolimba, apo ayi limayamba kukoka m'malo modula. Astra Superior Platinum ndi Gillette Nacet, uja wa chithunzi cha ng'ona yodulidwa pakati, ali pakatikati pa zonse: kuthwa kokwanira, kuuma kwa masiku onse, ndipo amagwirizana ndi zometera zambiri. Ndikafuna kuyesa chometera chatsopano ndimayamba ndi amenewa, chifukwa sabisa khalidwe lake. Lord ndi Shark a ku Egypt, Dorco wa kampani ya ku South Korea, ndi Super-Max wa ku India amene anafala m'magulosale ambiri a mu Africa, onse ndi a m'gulu la tsiku ndi tsiku lomweli. Amasiyana pa kanoledwe ndi zokutira kuposa pa kuchindikala. Treet wa ku Pakistan amapangabe ena a chitsulo chakale chochita dzimbiri. Amanoleka bwino, amamveka mosiyanako pakhungu, koma mukawasiya onyowa m'bafa mawa lake mupeza afiira.

Muziwerenganso kumbuyo kwa paketi. Dzina limodzi limatha kutuluka m'mafakitale awiri. Astra yemweyo alipo wa ku St Petersburg ndi wa ku India, ndipo Gillette 7 O'Clock ali ndi mitundu ingapo yosiyana mtundu wa paketi ndi dziko lochokera. Anthu awiri akhoza kukangana usiku wonse za lezala "limodzi" pomwe aliyense wagwira lake.

Nanga chometera chikulowa pati? Onani malata. Chitsulo cha lata chisanapindidwe mizere chimangoti lendelende, mwana akhoza kuchipinda. Akachipinda mizere ija, munthu wamkulu amayendapo padenga. Chometera chimachita zomwezo. Mukamanga mpini, chivundikiro cha pamwamba chimakhotetsa lezala pa chitsulo cha pansi, ndipo kukhota kumeneko ndiko kumalipatsa msana. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndi kutalika kwa kambali kamene katsala lende, kuchokera pamene zitsulo ziwirizo zaluma lezala kufika pa mbali yakuthwa. Lamulo la katatu lija limagwiranso pano, koma mobwerera: kambali kolendewera kakatalika kawiri, kamagwada kasanu n'katatu. Yerekezani tsopano. Kusintha lezala kuchoka pa 0.09 kupita pa 0.10 kukupatsani kuuma kowonjezera kopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Kusintha chometera kuchoka pa choluma kutali kupita pa choluma pafupi kukhoza kukupatsani kuuma kowirikiza kangapo. Mpikisano wake ndi wa njinga ndi basi.

Mwa zometera, Gillette Tech yakale ija, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, imaluma lezala pafupi ndi m'mphepete, ndipo n'chifukwa chake ngakhale lezala lotchipa limakhala ndi ulemu mmenemo. Henson AL13 ya ku Canada anaipanga ndi cholinga chomwecho: imakhotetsa lezala kwambiri n'kusiya kambali kochepetsetsa panja. M'zometera zoterezi kusiyana kwa Derby ndi Kai pa nkhani ya kuuma kumangotsala pang'ono kuzimiririka, kumatsala kusiyana kwa kuthwa. Merkur 34C ndi Edwin Jagger DE89, zimene ambiri amayambira, zimasiya lezala lomasukako, ndiye zimayimba zikamadula, ndipo khalidwe la lezala lililonse limaonekera. Ena amakukonda kuyimbako, amati kumawauza ngati apendeketsa bwino. Merkur 37C, ija ya mutu wopotoka, imapotokola lezala lenilenilo, zimene zimaliumitsa kwinaku likudula mopendekera ngati chikwanje pa udzu.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi magazi. Ndinagula chometera chotchipa pamsika, chopanda dzina lomveka, chonyezimira bwino. M'masaya chinkayenda, koma chikafika pansi pa chibwano, pomwe ndevu zanga zimamera mozungulira ngati kamvuluvulu, chinkayamba kulira tsetsetse, lezala likudumphadumpha, n'kusiya timadontho ta magazi ndi ziphuphu za masiku atatu. Ndinasintha malezala mitundu isanu, ndikumanyoza lililonse. Tsiku lina ndinachiyang'anitsitsa padzuwa chili chomangidwa, n'kuona kuwala kukudutsa pakati pa lezala ndi chitsulo cha pansi. Chinkaluma pakati pokha, m'mbali monse muli lende. Ndinatenga lezala lakale, n'kudula mbali zake zakuthwa ndi sizasi yolimba, n'kuliyala pansi pa latsopano. Kulira kunachepa tsiku lomwelo. Njira imeneyi imagwira, koma dziwani kuti imakwezanso lezala n'kukulitsa mpata wa pakati pa lezala ndi kachitsulo kotchingira khungu, ndiye chometera chimalusako. Ndipo podula lezala ndi sizasi, maso atalikire.

Kwa ife a ndevu zopotana nkhaniyi si yamasewera. Tsitsi lopotana likadulidwa mokokedwa kapena mopendekera kwambiri, nsonga yake imabwerera n'kulasa khungu, ndiye ziphuphu zija za m'khosi zimene zimasiya mabala akuda. Lezala lonjenjemera limakukakamiza kudutsa pamalo amodzi katatu kanayi, kwinaku ukukanikiza. Lokhazikika limadula kamodzi, motsatira kumene ndevu zagonera, n'kupita. Choncho mwamuna wa ndevu zotere akandifunsa, ndimamuuza kuti ayambe wapeza chometera choluma pafupi, aikemo Astra kapena Nacet, ndipo za Feather aziganize dzanja likaphunzira kupepuka. Komanso aziviika ndevu m'madzi ofunda ndi thovu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Tsitsi lonyowa limafewa kwambiri, ndipo likafewa silikankha lezala, lopyapyala lomwe limaima nji.

Pali malo amodzi pomwe ndimavomereza kuti kuchindikala kwa lezala kuli ndi mawu aakulu: kwa ometa aja amene amathyola lezala pakati n'kulowetsa theka m'kachogwirira kopinda ngati mpeni, podula mizere ya m'mphepete mwa tsitsi ndi ndevu. Mmenemo lezala limagona lophwatalala, palibe chilikhotetsa, ndiye msana wake ndi umene linabadwa nawo. Theka lopyapyala limagwedezeka pa mzere, louma limayenda mowongoka. Amalume anga ankameta ndi lezala lokha m'manja, opanda chogwirira chilichonse, atakhala pa mpando wa ndalema ndi kagalasi kosweka. Ndinkaona kuti asanalifikitse patsaya ankalikhotetsa pang'ono pakati pa zala, ngati uta. Ndili mwana ndinkayesa ndi kachitidwe chabe ka dzanja lawo. Ndinadzazindikira ndili ndi ndevu zanga, chometera cha pamsika chija chili m'manja, ndikusuzumira kuwala kodutsa pansi pa lezala.