Zithunzi za phiri la Mulanje zogulitsidwa mu Victoria Avenue

Mwa zithunzi zojambula pamanja zimene ogulitsa ziboliboli amayala m'mbali mwa msewu wa Victoria Avenue mu mzinda wa Blantyre, zoyenera ndalama yanu ndi za phiri la Mulanje, makamaka zoonetsa thanthwe la Chambe ndi minda ya tiyi m'munsi mwake. Zambiri ndi za penti ya akiriliki yopaka pansalu ya kanivasi.

Musanafunse mtengo, imani kaye patali mamita atatu. Wojambula waluso amasiyanitsa pafupi ndi patali: tiyi wapafupi amabiriwira kwambiri, nkhalango ya m'zigwa imaderako, koma nsonga zakutali monga Sapitwa, wa mamita 3,002, zimatuwira kubuluu. Umo ndi mmene diso limaonera phiri, chifukwa cha fumbi ndi chinyezi chamumpweya. Akapaka kubiriwira kumodzimodzi paliponse, phiri limangoti phwatalala ngati maluwa a pachitenje. Luso lenileni lili pa nkhungu ya chiperoni. Odziwa amasungunula penti yoyera ndi madzi n'kupaka mopyapyala kawiri kapena katatu, thanthwe n'kumaonekerabe kuseri. Othamangira ndalama amangomata choyera ngati thonje. Onaninso mkungudza: kwawo ndi pamwamba pa phiri, ndiye mukauona pakati pa tiyi dziwani kuti wojambulayo sanakwereko.

Vuto lalikulu lili pansalu. Itembenuzeni, muiyang'anitse kudzuwa. Kuwala kukamadutsa m'timabowo, ndiye kuti penti yoyamba yapansi inachepa. Ena amayala penti yapakhoma ya PVA chifukwa njotchipa, koma imeneyi ikauma imauma gwa ndipo imang'aluka nsalu ikapindika. Pindani pang'ono kangodya. Pakaoneka timing'alu, chithunzicho chisiyeni.

Ponyamula, kulungani penti ili kunja, mozunguliza paipi ya masentimita 10 m'mimba mwake. Mukaikulungira mkati imafinyika n'kusweka. Kunyumba, galasi lisakhudze penti, ndipo kuseri kwa felemu ikani timitengo tiwiri kumunsi kuti mpweya uzidutsa, chifukwa makoma a mu Blantyre amachita chinyezi nthawi ya dzinja ndipo nsalu imagwira chuku. Dzuwa lamasana lisachiwombe.

Kuti diso lizolowere ntchito yabwino, yambani mwaona zopachikidwa ku La Caverna, malo oonetsera zojambula a m'nyumba ya Mandala yomangidwa mu 1882, kenako mutsikire kumsewu mukanenerere mtengo.