Mpando wa akalipentala a pa Chitakale wandiwongola msana, mtima nawo wapepuka

Anzanga atelala ndi inu nonse okhala pa desiki tsiku lonse, ndati ndikuuzeni za mpando umene ndinapangitsa kwa bambo ena akalipentala pa Chitakale pompa. Ine ndimasoka mayunifomu, nde sukulu zikamatsegulira ndimakhala pa mashini kuyambira mmawa mpaka kuda, ndipo kale ndinkakhalira kabenchi kafupi kopanda chotsamira, msana utapindika maso ali pa singano. Kupweteka kwa khosi ndi mchiuno ndinali nditakuzolowera, chimene chinkandisowetsa mtendere ndi mtima, madzulo kumangopsa mtima popanda wondilakwira, kasitomala akati mayi tsitsani mtengo ine kumangovomera nditazolika, osatha nkumuyang'ana komwe.

Bambowa sanangofunsa kuti mukufuna wa ndalama zingati ayi. Anabwera ku shopu ndi tepi yawo, anayeza thebulo la mashini, anayeza mwendo wanga kuchoka pa bondo kufika pansi, nkuti mayi phazi lizifika pa chopondera osachita kudzikoka, ndipo chotsamira anachipinda pang'ono kuti chizigwira mchiuno kumbuyoku. Matabwa ndi a bulugamu, anandiuziratu kuti mkungudza sakhudza poti ndi woletsedwa kudula mphiri la Mulanje, ndipo ndinawalemekeza nazo.

Kusintha kwake ndinakuona msanga. Ukakhala chowongoka chifuwa chimatseguka, umapuma mpaka pansi, pamene ukawerama mpweya umangothera pamwamba nde umatopa msanga. Komanso mutu wa munthu wamkuluwu umalemera pafupifupi makilo 5, ukaukankhira kutsogolo tsiku lonse khosi ndi limene limasenza zonsezo. Mwana wanga anandiwerengera pa foni za kafukufuku wa ku University of Auckland ku New Zealand wa mu 2015, anthu ena anawakhazika chowongoka ena chowerama nkuwapatsa ntchito yopanikiza yolankhula, ndipo owongokawo ndi amene ananena kuti akudzidalira komanso mantha ndi ochepa. Ine sindinadabwe nazo, pano kasitomala akalowa amandipeza mutu uli mmwamba, mtengo ndimautchula kamodzi mawu osanjenjemera.

Pena ndimaganiza kuti ife amayi tinaleredwa kugwada ndi kuyang'ana pansi, ulemu umenewo ndi wabwino ndipo apongozi anga ndimawagwadirabe, koma suyenera kutitsatira mpaka pa bizinesi mpaka uzidziona wochepa pa ntchito ya manja ako omwe. Ndimawaganiziranso amayi othyola tiyi mmaesiteti mwathu muno, dengu kumsana atawerama kuyambira mbandakucha, iwowo mpando sungawathandize nkomwe.

Zolakwika zilipo. Anachedwa nawo kuposa tsiku limene tinapangana, foni osayankha, vanishi ankanunkha kwambiri moti ndinayamba ndauyanika panja, ndipo ndi wolemera kuunyamula potsekera shopu. Pokhalira ndi thabwa lokhalokha nde ndinasoka kakhushoni ka zigamba ndekha. Mtengo ndi wokwera kuposa mipando ya pulasitiki ya pa msika wa Limbuli, koma ija imakutitimiza mchiuno, pa mashini siyithandiza.

Msayembekezere kuti mpando uchiza nthenda, ngati msana ukupweteka mpaka mwendo kuchita dzanzi pitani kuchipatala, komanso muziimirira pafupipafupi nkudziwongola. Mukafuna kupangitsa wanu aumirizeni abwere adzakuyezeni pa thebulo lanu lenilenilo, osangowauza pa foni.