Ndemanga: Sikuluwu ya chogwirira cha mfuti ya Webley Mk VI

Ndikulemba ndemangayi patatha miyezi iwiri chilandirireni sikuluwu yomwe anandisulira mmisiri wina wa mfuti zakale ku Birmingham, ndipo ndinganene kuti ndine wokhutira, ngakhale kuti pali zingapo zomwe wofuna kugula ayenera kudziwiratu.

Mfuti yanga ndi Webley Mk VI, mtundu womwe asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1915, ndipo ndi yophedwa kale moti singawomberenso, monga chikalata chake chochokera ku Birmingham Proof House, bungwe loyesa mfuti, chikunenera. Ndinaigula chifukwa mfuti zotere ndi zomwe ankamangirira m'chiuno akuluakulu a asilikali a King's African Rifles, gulu lomwe agogo athu ambiri a ku Nyasaland anamenyamo nkhondo. Itafika, mbali ziwiri za chogwirira chake zinkagwedera, chifukwa wina anaikapo kabawuti wamba konyezimira, kamutu wozungulira kotuluka kunja, komwe kankabaya chikhatho munthu akaigwira.

Poyamba ndinaganiza kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, choncho ndinagula masikuluwu atatu otchipa kwa wogulitsa wina pa intaneti, yemwe analemba kuti amakwana pa mfuti zakale za mitundu yonse. Yoyamba inalowa bwinobwino, koma nditaipotokola kawiri inauma gwa, ndipo mwamwayi ndinaleka kuikakamiza. Chogwirira cha mfutiyi ndi cha labala wolimba wakuda wotchedwa vulcanite, yemwe akakalamba amasweka ngati phale, ndipo kanati komwe sikuluwu imalowamo kanakhazikitsidwa m'kati mwake momwemo. Ndikanapitiriza kupotokola, ndikanadya mazinga a kanatiko kapena kung'alula chogwirira chomwe chakhala zaka zoposa 100 chili chathunthu.

Mmisiriyu ndi amene anandifotokozera gwero la vutoli. Masikuluwu ambiri a masiku ano ali ndi mazinga a metric, omwe mano ake amapendekeka madigiri 60, pamene mafakitale akale a ku Britain ankatsata miyezo yawoyawo, monga ya Whitworth ya madigiri 55 kapena ya British Association (BA) ya madigiri 47.5, ndipo opanga mfuti ena ankadula mazinga a mtundu wawo basi. Kusiyana kumeneku sikuoneka ndi maso, ndiye chifukwa chake sikuluwu yolakwika imayamba kulowa ngati yakwana kenaka nkuuma. Iye anakana kundigulitsa chilichonse asanayeze, ndipo anandipempha kuti ndimutumizire mbali zonse ziwiri za chogwirira m'kabokosi koyalamo thonje. Kukana kumeneku ndi komwe kunandipatsa chikhulupiriro mwa iye kuposa china chilichonse.

Sikuluwu yomwe inabwera ndi yokongola zedi. Ndinaipotokola ndi zala zokha mpaka kutsala pang'ono kufika kumapeto, osamva kuuma kulikonse, ndipo mutu wake unakhazikika mofanana ndi chogwirira, pamene nsonga yake sinatulukire mbali inayo. Kampata ka pamutu ndi kopyapyala ngati ka masikuluwu akale, choncho sikuludilaiva wamba ya kunyumba sikwanamo, ndipo amene angakakamize adzakanda mutuwo tsiku loyamba lomwelo. Mmisiriyu anaika kapepala kolemba pamanja kochenjeza zimenezi, komanso kondilangiza kudontheza kadontho kamodzi ka oyilo pa mazinga ndi kusamanga mopitirira pomwe chogwirira chasiya kugwedera.

Zomwe sizinandisangalatse ndi ziwiri. Ndinadikira masabata atatu ndi theka m'malo mwa awiri omwe tinagwirizana, ndipo pa nthawi yonseyo imelo yanga yofunsa za chogwirira changa inayankhidwa kamodzi kokha, zomwe zinandisowetsa mtendere popeza ndinali nditatumiza chinthu chosapezeka wamba. Chachiwiri ndi mtundu wa chitsulo: sikuluwu yatsopanoyi ndi yakuda bii, pamene thupi la mfutiyo linasuluka kale nkukhala lotuwira, kotero kuti wodziwa bwino mfutizi angazindikire kuti si yoyambirira. Mtengo wake unaposa wa masikuluwu atatu aja pamodzi, koma atatuwo ali m'kabati osagwira ntchito, pamene iyi yakhala miyezi iwiri osamasuka ngakhale pang'ono.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo sikuluwu ya pa mphete yomangirapo chingwe, yomwenso mutu wake unaphwanyika, ndidzaitumiza kwa mmisiri yemweyu.