Antibody ya phospho-ERK1/2: katundu ndi wabwino ndithu, ogulitsawo ndiye ayi

Nyenyezi zitatu. Ziwirizo zapita chifukwa cha ogulitsa.

Iyi ndi rabbit polyclonal (ma antibody osakanikirana ochokera m'magazi a kalulu) yozindikira puloteni ya ERK1/2 ikakhala ndi phosphate pa malo a Thr202/Tyr204, kabotolo ka 100 µl. Tidaigwiritsa ntchito pa western blot, njira yoonera mapuloteni ngati mizere (ma band) malinga ndi kukula kwake. Mmene forex ikuvutiramu palibe labu imene ingaode kawiri chinthu chimodzi.

Bokosi lidachedwa ku kasitomu chifukwa ajenti sadatumize mapepala msanga, lidafika ma ice pack ali madzi okhaokha. Izi zokha sizikadadetsa nkhawa, antibody ya mtundu wa IgG ya mu glycerol wa 50% imapirira masiku angapo. Chokwiyitsa ndi lot, nambala ya gulu lopangidwa nthawi imodzi. Pa oda padalembedwa lot imene tidayamba nayo ntchito, ogulitsawo adavomera, koma pa botolo padabwera nambala ina popanda kutichenjeza. Aliyense wogwira polyclonal akudziwa kuti lot ikasintha, kalulu kapena magazi ake asinthanso. Ndipo zidaonekadi: pamwamba pa ma band awiri a ERK a 44 ndi 42 kDa (muyeso wa kukula kwa puloteni) padatuluka lina cha pa 70 kDa, lomwe lot yakale sinkaonetsa. Bambo a ku ofesi ya ogulitsawo atamva, adangoti, "Mwina simukublocka bwino, achimwene." Chithunzi cha blot anali asadachitsegule n'komwe. Munthu wogulitsa zinthu za sayansi asamayankhe ngati wogulitsa kaunjika pa msika.

Umboni wake nawu. Maselo a HeLa ogona usiku opanda serum, kenako EGF, yomwe imadzutsa ERK, 100 ng/ml kwa mphindi 10: 44 ndi 42 akuda bii. Mukatsogoza U0126, mankhwala oletsa ERK kulandira phosphate, 10 µM kwa ola limodzi, awiriwo amazimiririka, la 70 lili pomwepo osasuntha. Ndiye kuti si ERK, ndipo blocking (kuphimba membrane kuti antibody isamate paliponse) ilibe mlandu. Zimenezi zitatumizidwa pa imelo, yankho silidabwere mpaka lero.

Komabe tisainamizire antibodyyi. Pamene ikuyenera kugwira imagwira mwamphamvu, ndipo band lachilendolo lili patali, silisokoneza kuyeza. Mukasungunula antibody pa 1:1000 bandlo limaoneka bwino, pa 1:2000 limatsala pang'ono kutha pomwe ERK akuonekabe bwino, kabotolonso kamakhalitsa. Ikani 20 µg ya puloteni pa lane, gel ya 10% kuti 44 ndi 42 asamatane. Blocking ndi 5% BSA mu TBST. Musablocke ndi mkaka: uli ndi casein, amene ali ndi phosphate, ndipo umatha kudetsa membrane. Primary (antibodyyi) igone usiku pa 4°C, tsukani katatu mphindi 10, secondary (antibody yachiwiri) ya HRP, enzyme yoonetsa ma band, 1:5000. Mu buffer ya secondary musakhale sodium azide, imapha HRP.

Ambiri amene amati "siikugwira" amakhala ataya phosphate asadafike pa gel. Lysis (kuswa maselo) ichitikire pa ayisi, zoteteza phosphate, sodium orthovanadate 1 mM ndi sodium fluoride, zili kale mu buffer. Mukatha, chitani strip (kuchotsa ma antibody pa membrane) n'kuika antibody ya total ERK, popeza actin, puloteni yofanizira kuchuluka kwa zomwe mwaika pa lane, payekha sakuuzani ngati ERK yemweyo wachuluka.

Pa immunofluorescence (kuwalitsa puloteni m'maselo pa slide) lot iyi musaidalire. Pa slide palibe kDa yokuuzani kuti chikuwalacho ndi ERK kapena mlendo wa pa 70 uja.

Igaweni m'timachubu ta 10 µl, pa -20°C, mu firiza ya pa jenereta. Mukamaoda kwa anthu awa, lot number ilembedwe pa quotation, ndipo muione pa botolo musadasaine delivery note.