Matumba a PICS pa mbewu ya soya: amasunga bwino, koma saumitsa

Matumba a PICS, osalowa mpweya aja, ambiri timawadziwira pa chimanga, pothana ndi anankafumbwe popanda mankhwala. Pa soya ntchito yake ndi ina. Anankafumbwe samuvuta kwenikweni soya. Chimapha mbewuyi ndi chinyezi ndi kutentha, poti ili ndi mafuta ambiri komanso khungu lopyapyala. Soya wokolola mu Epulo adikire mpaka Disembala, apyole chiperoni cha Juni kenako dzuwa la Okutobala, lomwe ku Chingale ndi kuchigwa cha Chilwa silichita masewera. M'saka wamba, mbewu imakoka chinyezi chonsecho n'kufooka.

Apa thumbali limagwiradi ntchito. Lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Musanathire, lowetsani mpweya m'pulasitiki iliyonse muone ngati sikutuluka, chifukwa kabowo kamodzi kokha kawononga zonse. Mukathira, finyani mpweya, potolani kukamwa, pindani n'kumanga. Pulasitiki iliyonse imangidwe payokha, osati zonse pamodzi monga ambiri achitira akamafulumira.

Vuto lake n'lakuti limatsekera chimene mwaikamo. Soya wosauma bwino amatentha m'katimo, amachita nkhungu, ndipo amafa msanga kuposa wa m'saka wamba. Chinyezi chisapitirire 12 peresenti. Ngati mulibe kachipangizo koyezera, lumani njere: youma imathetheka, yaiwisi imaphwatalala. Yanikani pa lona kapena pamkeka, osati pasimenti yotentha masana. Thumbali silichizanso njere zosweka pomenya, choncho soya wa mbewu mupunthe pang'onopang'ono, mupete, muchotse zitsotso zimene zingaboole pulasitiki.

Makoswe nawo saliopa. Liikeni pa matabwa, kutali ndi khoma, m'chipinda chozizirira, osati pafupi ndi malata.

Mu Novembala yesani kameredwe. Tengani njere 100 kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, dzalani mumchenga wonyowa, muwerenge pakatha sabata. Zikamera 80 kapena kuposa, dzalani mosakayika. Zikachepera 70, thumba lisakunamizeni, kaguleni mbewu yovomerezeka monga Tikolore kapena Makwacha.

Mtengo wake umaposa wa saka wamba, koma losabooka limagwira nyengo zingapo. Kwa wosunga mbewu yakeyake ndi loyenera kugula. Wogulitsa soya yense akangokolola asataye nalo ndalama.