Ndinapangitsa makatoni a saizi yanga, nazi zomwe ndaona pambuyo pa maoda awiri

Ndimagulitsa makandulo a m'mabotolo agalasi ndipo ambiri amapita kutali kudzera ku makampani onyamula maphukusi, ndiye nkhani ya makatoni kwa ine si yamasewera ayi. Poyamba ndinkangotola makatoni akale alionse amene ndapeza, n'kufwinya mapepala m'mbali kuti mabotolo asamagwedere. Tsiku lina kasitomala ananditumizira chithunzi, katoni itaphwanyika pakona, tizidutswa tagalasi tili mbwee mkatimo, ndipo anali atagulira mayi ake ngati mphatso. Zinandipweteka mtima kwambiri. Sabata yomweyo ndinapita ku fakitale ina yopanga makatoni, pano ndikumaliza oda yachiwiri ndiye ndikhoza kunenapo zomwe ndaziona ndi maso.

Chomwe chinandisangalatsa choyamba, mayi amene anandilandira anakana kulemba saizi yomwe ndinabwera nayo papepala, anati bweretsani katundu weniweniyo timuyeze limodzi. Kani ine ndinayeza kunja kwa katoni yakale, pomwe iwo amawerengera mkati, kuyamba mulitali, kenako mulifupi, kumalizira kutalika kopita m'mwamba. Mamilimita ochepa okhawo akanachititsa kuti saizi ya mkati isakhale yomwe ndinkafuna, ndiye tangoganizani makatoni mahandiredi atadulidwa kale osabwezeka. Anandipangira sampulo imodzi, ndinaikamo makandulo, kutseka, kuigwedeza pafupi ndi khutu, zii osamveka kanthu.

Kenako anang'amba kachidutswa ka katoni n'kundionetsa mkati mwake, mapepala awiri osalala kunja ndi lina lopindikapindika ngati mafunde pakati, lomwe iwo amalitchula flute. Mphamvu ya katoni imadalira kwambiri mafunde amenewo. Flute ilipo mitundu ingapo yotchulidwa ndi zilembo, ya C ndi yokhuthala pafupifupi mamilimita 4, ya B pafupifupi 3, ya E ndi yopyapyala cha pa 1.5 ndipo imaoneka bwino ukasindikizapo koma siteteza kwenikweni zinthu zosweka zikagwa. Ine maso anali pa E chifukwa cha kukongola basi, iwo anandiuza mosabisa kuti galasi lolemera likufuna ya makoma awiri, BC, yomwe ili ndi mafunde awiri osanjikizana ndipo imakwana cha pa mamilimita 7. Ndinawamvera ndipo sindikudandaula. Ndinadabwanso kumva kuti pepala lamafundeli linayamba kugwira ntchito yokulunga katundu chifukwa cha mavuto onga angawa, Albert Jones wa ku New York analembetsa luso limeneli mu 1871 kuti azikulungira mabotolo ndi zinthu zina zagalasi.

Mukamaoda funsaninso za ECT, ndi muyeso wa momwe m'mphepete mwa katoni mumapiririra ikapanikizidwa kuchokera pamwamba, makatoni ambiri wamba amalembedwa 32 ECT kunsi kwake. Zimenezi n'zofunika chifukwa m'galimoto katoni yanu sikhala yokha, pamwamba pake amasanjikapo ena olemera ndipo palibe amene amaima kuti awerenge zoti mkati muli galasi. Mafunde aja ayenera kuimirira chilili m'makoma a katoni, akagona chopingasa imafwapika msanga.

Koma abale, phindu lomwe sindinkaliyembekezera ndi la ndalama zotumizira. Makampani ngati DHL sayang'ana sikelo yokha, amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi kutalika mu masentimita n'kugawa ndi 5000, ndiye amakulipiritsa chomwe chakula pakati pa yankholo ndi kulemera kwenikweni. Katoni yanga yakale inali 40 x 30 x 30, kutanthauza makilogalamu 7.2, chonsecho makandulo anga anayi amalemera cha pa makilogalamu awiri okha. Nthawi yonseyi ndinkalipirira mpweya ndi mapepala ofwinya. Yatsopanoyi kunja kwake ndi 26 x 26 x 18, imatuluka 2.4, mkati muli timakoma takatoni topingasana kuti botolo lililonse likhale m'kachipinda kake komanso danga m'mbali loikamo zotetezera. Kusiyana kumeneku pa phukusi lililonse n'kumene kwabweza ndalama zomwe ndinalowetsa.

Pa kapangidwe ndinatenga wamba uja wa zivindikiro zinayi zokumana pakati, pa mndandanda wa masitayelo wa FEFCO, bungwe la opanga makatoni la ku Ulaya, ndi nambala 0201. Inalipo ina yokongola yotsekula ngati kasutikesi, 0427, yosafuna tepi popinda, koma imafuna chodulira chakechake chomwe umalipira padera koyamba, ndinaona kuti idikire kaye.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndithu. Logo yanga ndi yobiriwira mowala, ndinawatumizira pa imelo n'kulipira puleti yosindikizira, koma makatoni atafika mtundu unali wobiriwira modera ngati tsamba lofota. Chifukwa chake n'choti pa flexo, njira yosindikizira makatoni ndi puleti ija, inki imalowerera m'pepala labulawuni la kraft ndipo mtundu wa pepalalo umaonekera pansi, zomwe iwo amazidziwa bwino tsiku ndi tsiku koma palibe anandichenjeza, sampulo ija inali yosasindikiza. Ndikanadziwa ndikanasankha inki yakuda yokha kapena pepala loyera kunja. Timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa logo natonso tinafufutika pang'ono, pena pake mizere ya mafunde imaonekera mu inkimo. Nditadandaula anandiyankha mwaulemu koma sanasinthe kalikonse, anangoti pa oda yotsatira.

China ndi nthawi. Anandilonjeza masabata awiri, zinatenga kupitirira atatu, ndipo ine ndi amene ndinkaimba foni kufunsa, iwo osandiuza kuti zachedwa. Oda yachiwiri inafulumirako chifukwa puleti inalipo kale. Komanso salola kuoda ochepa, ndiye konzekeranitu malo. Amabwera ataphwatalala m'mitolo yomangidwa, ine ndinaika mtolo umodzi pasimenti m'chipinda chachinyontho, patapita masabata angapo apansiwo anali atafewa moti ukadina ndi chala pamatsala chibowo. Katoni imamwa chinyontho cha mumpweya ndipo mphamvu yake imatsika kwambiri, pano ndimaika pamatabwa, kutali ndi khoma, chogoneka.

Tepi nayonso musaipeputse, katoni yabwino yomata mzere umodzi wokha imatseguka kunsi. Ndimamata mzere wapakati kenako m'mbali zonse ziwiri kupanga chilembo H, pamwamba ndi pansi pomwe, ndi tepi yotambalala mamilimita 48. Ndisanayambe kutumiza ndinapakira imodzi bwinobwino n'kuigwetsa kuchokera m'chiuno kangapo, chafufumimba, chambali, ndiponso pakona, kona inapindika koma mabotolo onse anayi anatuluka amphumphu. Kuyambira pamenepo sindinalandirenso chithunzi cha galasi losweka.

Ndibwererakonso ku fakitaleyi chifukwa pa kulimba ndi saizi anandigwirira ntchito yabwino, koma ulendo uno ndikawauza kuti sampulo ibwere yosindikiza kale pa pepala lomwelo, ndipo tsiku lobweretsa alilembe pa invoisi ndisanapereke dipoziti.